Sisitimu Ikakana Kufufuta: Zilolezo za Wogwira Ntchito Wamba mu Database



Mu ofesi iliyonse imene imasunga zolemba zake mu database, a IT amamva dandaulo ili pafupipafupi: "Bwana, sisitimu yakana kufufuta." Kalaliki wa kuchipatala walemba wodwala mmodzi kawiri. Wa ku akaunti walowetsa risiti ya K50,000 pomwe imayenera kukhala ya K5,000. Mlembi wa pasukulu waika mwana m'kalasi yomwe si yake. Aliyense wa iwo akufuna kuchotsa cholakwikacho msanga, anthu ali pamzere akumuyang'ana, koma kompyuta ikungomubwezera mawu a Chingerezi amene sakumuuza chochita. Zimene zimachitika m'mphindi khumi zotsatirazo ndi zimene ndabwera kudzakamba lero.

Nthawi zambiri mayankho amakhala awiri. Wa IT wina, wotopa ndi mafoni, amangolemba GRANT ALL, kapena amamunong'oneza kalalikiyo pasiwedi ya admin n'kumuuza kuti asauze munthu. Wina amayankha kuti "sisitimu ndi mmene ilili," n'kudula foni. Mayankho onse awiriwa ndi oipa, ndipo lachiwiri ndi limene limabala loyamba. Munthu amene wakanizidwa popanda kupatsidwa njira ina sasiya kufuna kukonza cholakwika chake. Amapita kwa mnzake amene ali ndi zilolezo zambiri, amabwereka pasiwedi, ndipo pakutha chaka ofesi yonse ikulowa ndi dzina limodzi.

Zilolezo zimenezi sizinabwere kudzazunza makalaliki. Mu 1970 Edgar Codd wa ku kampani ya IBM anafotokoza njira yosungira zinthu m'matebulo olumikizana, imene ma database ambiri akutsatira mpaka lero. Anzake ku San Jose atayamba kupanga database yoyesera yotchedwa System R, anakumana ndi funso loti anthu ambiri akamagwiritsa ntchito matebulo omwewo, ndani aziloledwa kuchita chiyani. Mu 1976 Patricia Griffiths ndi Bradford Wade anafalitsa yankho lawo, ndipo malamulo awiri amene timalemba tsiku lililonse, GRANT wopereka chilolezo ndi REVOKE wolanda chilolezo, mizu yake ili kumeneko. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder a ku MIT anali atalemba mfundo imene aliyense wa IT ayenera kuidziwa pamtima: munthu kapena pulogalamu ipatsidwe zilolezo zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, osapitirira apo.

N'chifukwa chake kuwerenga, kulowetsa, kusintha ndi kufufuta zili ndi zilolezo zosiyana: SELECT, INSERT, UPDATE ndi DELETE. Mwa zinayizi, DELETE ndi imene oyang'anira amaumira nayo kwambiri, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Munthu akalowetsa chinthu cholakwika, chimaoneka, wina adzachipeza. Akasintha molakwika, mzere udakalipo, wina adzafunsa kuti bwanji nambala iyi ikusiyana ndi ya papepala. Koma akafufuta, palibe chotsala choti munthu achione n'kukayikira. Wofufuza mabuku sangafunse za risiti imene sakudziwa kuti inalipo. Ndipo lamulo la DELETE likalembedwa popanda WHERE, limasesa tebulo lonse osafunsa kawiri.

Tsono munthu akabwera kuti sisitimu yakana, ntchito yoyamba si kupereka chilolezo. Ntchito yoyamba ndi kuwerenga uthengawo mawu ndi mawu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu oti "yakana" amabisa zinthu zingapo zosiyana kwambiri, ndipo zina mwa izo si nkhani ya zilolezo n'komwe. Mupempheni ajambule sikirini ndi foni yake, akutumizireni, muone nokha.

Choyamba dziwani amene wakana. Mapulogalamu ambiri a pa intaneti amalowa mu database ndi akaunti imodzi yokha, ndipo database siidziwa kuti amene wadina batani ndi kalaliki kapena bwana wamkulu. Zikatero, zilolezo za anthu zili mu pulogalamu, ndipo mukhoza kulemba GRANT tsiku lonse osasintha kanthu. Koma uthenga ukakhala ndi nambala za database, ndiye kuti wakana ndi database. MySQL imapereka nambala 1142 ndi mawu akuti "DELETE command denied to user". PostgreSQL imati "permission denied for table" ndi nambala 42501. SQL Server imapereka 229. Oracle imati ORA-01031, koma munthu akakhala wopanda chilolezo chilichonse pa tebulolo imayankha ORA-00942, kutanthauza kuti tebulolo kulibe, chikhalirecho lilipo. Imatero dala, kuti munthu wosaloledwa asadziwe ngakhale mayina a matebulo. Anthu ambiri ataya maola akufunafuna tebulo limene silinasowe.

Pali vuto lina limene limasokoneza ngakhale odziwa ntchito. Mwapereka DELETE pa tebulo la marisiti, mwaonetsetsa kuti chilolezo chilipo, koma munthu akulemba DELETE FROM marisiti WHERE nambala = 417, database ikukanabe. Chifukwa chake n'chakuti kuti ipeze risiti 417 iyenera kuwerenga kolamu ya nambala, ndipo kuwerenga kumafuna SELECT. Amene ali ndi DELETE yokha sangasankhe mzere woti afufute. Mu PostgreSQL uthenga wake umafanana ndendende ndi wa munthu amene alibe DELETE, ndiye woyang'anira amapereka DELETE kachiwiri, kachitatu, kenako mtima umamupsa n'kupereka zonse. Chimene chimasowa chinali chilolezo chowerenga kolamu imodzi. Taonaninso kuopsa kwake: munthu yemweyo, amene akulephera kufufuta risiti imodzi, akanatha kufufuta tebulo lonse, chifukwa DELETE yopanda WHERE siwerenga kolamu iliyonse.

China chimene ndikufuna tichedwepo ndi ma trigger. Ofesi yosamala imaika trigger pa tebulo lofunika, kuti mzere ukafufutidwa, kope yake ilembedwe mu tebulo lina losunga mbiri, pamodzi ndi dzina la wofufuta ndi nthawi. Ndi nzeru yabwino. Koma mu PostgreSQL trigger imayenda ndi zilolezo za munthu amene waidzutsa, pokhapokha function yake italembedwa kuti SECURITY DEFINER. Ndiye kalaliki ali ndi DELETE pa marisiti, ali ndi SELECT, koma alibe INSERT pa tebulo la mbiri. Trigger ikulephera kulemba, ndipo kufufuta konse kukubwerera m'mbuyo. Uthenga ukutchula tebulo limene kalalikiyo sanalimvepo chibadwire. Apa woyang'anira wothamanga amachita chimodzi mwa ziwiri: amazimitsa trigger, kapena amapatsa makalaliki onse zilolezo pa tebulo la mbiri. Akazimitsa, mbiri yatha. Akapereka zilolezo, munthu amene mbiriyo imayenera kumuyang'anira ndi yemwe tsopano akutha kuilemba. Njira yoyenera ndi kulemba function ya trigger kuti iziyenda ndi zilolezo za mwini wake, kukhazikitsa search_path yake kuti wina asaipusitse ndi tebulo labodza la dzina lomwelo, ndi kusiya tebulo la mbiri lotsekeka kwa wina aliyense. Mu MySQL zinthu ndi zotembenuka: trigger imayenda ndi zilolezo za amene analembedwa ngati DEFINER. Wa IT amene anaipanga akasiya ntchito, akaunti yake n'kuchotsedwa, m'mawa mwake ofesi yonse imalephera kufufuta, ndipo uthenga wa nambala 1449 umatchula munthu amene anachoka kale.

Zina ndingodutsamo, chifukwa mukazidziwa kamodzi simuziiwala. Mu MySQL akaunti ndi dzina pamodzi ndi malo amene munthu akulowera, kotero kalaliki wolowera pa localhost ndi kalaliki wolowera pa netiweki ndi maakaunti awiri, ndipo chilolezo cha wina sichipita kwa mnzake. MySQL 8.0, imene inatuluka mu 2018, inabweretsa ma role, koma role yoperekedwa siyamba kugwira ntchito mpaka itayatsidwa, mwachitsanzo ndi SET DEFAULT ROLE. Mu SQL Server, DENY imaposa GRANT, ndiye munthu akakhala m'magulu awiri, lina lololedwa lina loletsedwa, loletsa ndi limene limapambana. Mu PostgreSQL, GRANT ON ALL TABLES imakhudza matebulo okhawo amene alipo tsiku limenelo. Tebulo lopangidwa sabata yamawa lidzakana, mpaka mutagwiritsa ntchito ALTER DEFAULT PRIVILEGES. Ndipo ngati munthu alibe USAGE pa schema, zilolezo zonse za matebulo a m'katimo sizimuthandiza.

Kukana koopsa kuposa konse ndi kumene sikunena kanthu. PostgreSQL 9.5, mu 2016, inabweretsa row level security, njira yoikira malire pa mzere uliwonse, kuti mwachitsanzo wa nthambi ya Mzuzu azingokhudza zolemba za Mzuzu. Munthu akayesa kufufuta mzere umene lamulo silimulola, database sipereka uthenga wolakwika. Imangoyankha kuti DELETE 0, kutanthauza kuti palibe mzere wafufutidwa. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imaona kuti palibe cholakwika, n'kumuuza munthu kuti zatheka. Iye akutseka kompyuta, akupita kunyumba ali ndi mtendere, mawa akupeza risiti ija ilipobe ndipo yalowa kale mu lipoti la mwezi. Inu olemba mapulogalamu, werengani nambala ya mizere imene yakhudzidwa. Ngati munkayembekeza umodzi ndipo yabwera ziro, muuzeni munthuyo.

Pa zonsezi pamabuka mawu amene ndimadana nawo kwambiri pa ntchito yathu, akuti "kwa ine zikutheka." Zoona zikutheka, chifukwa inu mwalowa ngati admin. Mwini tebulo ndi superuser salabadira malamulo a mizere aja pokhapokha mwini atakakamizidwa dala, ndipo superuser palibe chilolezo chimene chimamuvuta. Kuyesa ndi akaunti yanu sikuyesa kanthu. Lowani ngati munthuyo. Mu PostgreSQL lembani SET ROLE ndi dzina lake, yambani ndi BEGIN, yesani kufufutako, onani uthenga, kenako ROLLBACK kuti zonse zibwerere mwakale. Mu MySQL lembani SHOW GRANTS ndipo muone CURRENT_USER kuti mudziwe akaunti yeniyeni imene seva yamulandirira. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo imamuchotsera kalaliki manyazi omaoneka ngati sadziwa kompyuta pomwe akunena zoona.

Tibwere ku kukana kumene si kwa zilolezo. Munthu akufuna kufufuta wodwala, koma wodwalayo ali ndi zolemba za mankhwala ndi zoyezetsa m'matebulo ena. MySQL ikupereka 1451, PostgreSQL 23503, Oracle ORA-02292. Apa ngakhale mutapatsa munthu zilolezo zonse za padziko, database ikanabe, chifukwa ikuteteza zolemba zina kuti zisatsale zikuloza munthu amene kulibe. Uthenga umenewu ndi wothandiza. Ukunena kuti chimene mukuyesa kuchotsa chili ndi mbiri. Ngati wodwala analembedwa kawiri, mankhwala ake ena ali pa dzina loyamba, ena pa lachiwiri, ndiye chofunika ndi kuphatikiza zolemba ziwirizo, osati kutaya chimodzi.

Komabe pali yankho lachidule limene limakopa, lotchedwa ON DELETE CASCADE. Mukaliika, kufufuta wodwala kumafufutanso zonse zolumikizana naye, ndipo madandaulo amatha tsiku lomwelo. Ndikupemphani mumvetse mtengo wake. Database ikamafufuta mizere yolumikizanayo, siifunsa ngati munthu amene wayambitsa ali ndi DELETE pa matebulo enawo. Kalaliki amene munamuletsa kukhudza tebulo la malipiro akhoza kufufutamo malipiro onse a kasitomala pongofufuta kasitomalayo. Ndipo mu MySQL 5.7 ndi 8.0, mizere yofufutidwa kudzera mu CASCADE siidzutsa ma trigger, kotero tebulo lanu la mbiri silidzalemba kanthu za iyo. TRUNCATE nayo, imene imakhuthula tebulo lonse kamodzi, siidzutsa ma trigger a DELETE. CASCADE ili ndi malo ake, monga pa zinthu zazing'ono zimene zilibe tanthauzo pazokha. Pa ndalama, pa mankhwala, pa zotsatira za mayeso, musaiike chifukwa choti mwatopa ndi mafoni.

Mwina ena mukuganiza kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Ife Amalawi tili ndi chifukwa chodziwira kuti si yaing'ono. Mu September 2013 kunaululika kuba kwa ndalama za boma kumene tonse timakutcha Cashgate. Njira imodzi yaikulu imene anthu anabera inadutsa mu IFMIS, sisitimu imene boma limalipirira. Ankalowetsa malipiro opita ku makampani amene sanagulitse boma kanthu, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenako zolemba za malipirowo n'kufufutidwa mu sisitimu. Akatswiri ofufuza a Baker Tilly a ku Britain, mu lipoti lawo la February 2014, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali anthu wamba m'zipatala ndi m'masukulu, amene IFMIS sanaionepo ndi maso.

Sindikunena kuti kalaliki wofuna kuchotsa risiti yolakwika ndi wakuba. Ambiri mwa iwo ndi anthu okhulupirika amene akungofuna kuti mabuku awo akhale olondola. Chimene ndikunena n'chakuti mphamvu yofufuta osasiya chizindikiro ndi imodzimodzi, kaya ili m'manja mwa wokhulupirika kapena wakuba, ndipo database siitha kuona mumtima. Pamene pasiwedi imodzi ikudziwika ndi anthu khumi, tsiku limene chinthu chidzasowe onse khumi adzakayikiridwa, ndipo wosalakwa sadzakhala ndi umboni woti si iye. Kumukaniza kalaliki DELETE ndi kumutetezanso iye mwini. Ichi tiyenera kuwauza poyera, chifukwa ambiri amaona kukanizidwako ngati kunyozedwa.

Ndipo musaganize kuti ngozi ili kwa anthu wamba okha. Pa 31 January 2017 injiniya wa kampani ya GitLab, akukonza vuto usiku, anafufuta mafayilo a database ya PostgreSQL pa seva yaikulu poganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Pafupifupi 300 GB inapita m'kanthawi kochepa. Atathamangira ku ma backup anapeza kuti njira zawo zingapo sizinkagwira ntchito, ndipo anapulumukira pa kope imene inatengedwa maola asanu ndi limodzi m'mbuyomo. Zimene zinalembedwa mu database m'maola amenewo zinatayika. Ameneyu anali katswiri, pa kampani ya akatswiri. Ngati iye analakwitsa ali ndi mphamvu zonse, ife tisamagwire ntchito za tsiku ndi tsiku titalowa ngati root kapena postgres. Woyang'anira naye akhale ndi akaunti wamba, ndipo akaunti yamphamvu aziitsegula pa ntchito imene ikuifunadi. Backup nayo iziyesedwa poibwezeretsa, chifukwa imene simunaibwezeretsepo simukudziwa ngati ili ndi kanthu.

Nanga kalaliki uja timuthandiza bwanji? Cholakwika chake n'chenicheni, ndipo sangadikire masiku atatu kuti bwana asaine fomu. Yankho analidziwa kale anthu amene ankasunga mabuku a akaunti pamanja. Ukalakwitsa m'kaundula sung'amba tsamba ndiponso sufufuta ndi labala. Umadula mzere umodzi pa cholakwikacho kuti chiziwerengekabe, umalemba cholondola, umasaina pambali. Cholakwika chachotsedwa pa masamu, koma aliyense akhoza kuona chimene chinalipo ndi amene anachikonza.

Database ikhoza kuchita chimodzimodzi, ndipo chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. OpenMRS, pulogalamu yosunga zolemba za odwala imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Regenstrief Institute pamodzi ndi Partners In Health, imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu ku Neno. M'matebulo ake a odwala muli makolamu anayi oyenera kuwatengera: voided, voided_by, date_voided ndi void_reason. Wogwira ntchito akachotsa cholembedwa, mzere sufufutidwa. Umangoikidwa chizindikiro choti suwerengedwanso, pamodzi ndi dzina la amene wachotsa, tsiku, ndi chifukwa chake. Pa sikirini chinthucho chasowa, m'malipoti mulibe, ntchito ikupitirira. Koma tsiku limene wina adzafunse kuti zotsatira za magazi a mayi uyu zinapita kuti, yankho lilipo, ndipo zikhoza kubwezedwa. Kufufuta kwenikweni kuliponso mu OpenMRS, koma kuli ndi chilolezo chakechake chimene wogwira ntchito wamba sapatsidwa.

Mu database yanu mukhoza kumanga zomwezi osagula kanthu. Musapereke DELETE pa tebulo. Lembani function kapena stored procedure imodzi, tinene kuti chotsa_risiti, imene ikulandira nambala ya risiti ndi chifukwa. Iyo iziyenda ndi zilolezo za mwini wake, ndipo kalaliki apatsidwe EXECUTE pa iyo basi. M'kati mwake muike malamulo amene ofesi yagwirizana: kuti munthu achotse zokhazo zimene analowetsa yekha, kuti achite zimenezi tsiku lisanathe kapena mabuku a mwezi asanatsekedwe, kuti chifukwa chisakhale chopanda kanthu, ndiponso kuti ndalama zikapitirira mlingo wakuti pafunike munthu wachiwiri wovomereza. Kenako pangani view imene imabisa mizere yochotsedwa, kuti malipoti aziwerenga kuchokera pamenepo. Zilolezo muzipereke ku role, monga ya makalaliki kapena ya oyang'anira nthambi, osati kwa munthu ndi dzina, kuti wina akasamutsidwa muzingomuchotsa m'gulu.

Njira imeneyi ili ndi zovuta zake, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Wolemba lipoti akaiwala kupatula mizere yochotsedwa, masamu amakwera. Ngati nambala ya chiphaso iyenera kukhala ya munthu mmodzi, mzere wochotsedwa ukhoza kutsekereza kulembetsa koyenera, ndipo mu PostgreSQL izi zimakonzedwa ndi unique index imene imangoyang'ana mizere yamoyo. Matebulo amakula. Zonsezi ndi ntchito, koma ndi ntchito imene mumaiona ikubwera n'kuikonzekera, pomwe mzere wofufutidwa popanda mbiri mumaudziwa mochedwa, nthawi zina pamaso pa ofufuza.

Palinso nthawi imene kufufuta kwenikweni n'koyenera, ndipo kubisa sikukwanira. Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zambiri zake zifufutidwe pa zifukwa zina. Kuno kwathu tili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Mfundo imene malamulo otere amatsindika ndi yakuti zambiri za munthu zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunika. Choncho bungwe limene silifufuta chilichonse nalonso likulakwa. Koma kufufuta kotere si kwa munthu amene ali pa kauntala anthu ali pamzere. Kuchitike ndi munthu wosankhidwa, potsatira ndondomeko yolembedwa yonena kuti zolemba zakuti zimasungidwa zaka zingati, ndipo patsale umboni woti pempho linabwera liti, anavomereza ndani, anafufuta ndani, popanda kusunga zinsinsi zimene zafufutidwazo.

Ndisanakhale pansi, mawu awiri kwa olemba mapulogalamu okhudza uthenga umene munthu amauona. Nambala 1142 ndi yanu, ilembeni mu log. Kalaliki asaone imeneyo. Iye aone mawu omuuza chimene chachitika ndi kumene apite: "Risiti iyi inalowetsedwa dzulo, ndiye simungaichotse nokha. Dinani apa kuti pempho lipite kwa oyang'anira nthambi." Kapena: "Wodwala uyu ali ndi zolemba za mankhwala. Ngati walembedwa kawiri, sankhani kuphatikiza." Palibe chimene chikuletsa kuti uthenga wotere ulembedwe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati ndi chimene ogwira ntchitowo amalankhula. Ndipo ngati munthu saloledwa kufufuta, musamuonetse batani lofufutira kuti adine n'kukanidwa pamaso pa kasitomala.

Inu mabwana a m'maofesi, nkhani iyi musaisiyire a IT okha. Funso loti ndani achotse chiyani, mpaka liti, movomerezedwa ndi yani, ndi funso la kayendetsedwe ka ofesi, ndipo wa IT amangolimasulira kukhala GRANT ndi REVOKE. Mukapanda kuliyankha inu, adzaliyankha yekha pa foni, ali ndi ntchito zina zisanu m'manja. Komanso musakhale inu oyamba kulamula kuti akupatseni zilolezo zonse chifukwa ndinu bwana. Udindo waukulu sufuna DELETE pa tebulo lililonse, ndipo akaunti ya bwana ndi imene akuba a pa intaneti amayamba kuisaka.

Inu amene mumalowetsa zolemba tsiku ndi tsiku, sisitimu ikakana musabwereke pasiwedi ya mnzanu ndipo yanu musabwereketse, ngakhale kwa amene mumadya naye nsima masana. Jambulani uthengawo, lembani chimene mumafuna kuchita, mutumize kwa a IT. Akachedwa kuyankha, kadandauleni kwa bwana, ndipo dandaulo lanu likhale lakuti mulibe njira yovomerezeka yokonzera zolakwika. Limenelo ndi dandaulo loyenera ndipo muli ndi ufulu wolinena.

Anzanga a IT, mukabwerera ku ntchito Lolemba, tulutsani mndandanda wa maakaunti onse amene ali ndi DELETE, TRUNCATE, DROP kapena ALL pa database yanu. Pa dzina lililonse funsani ngati munthuyo akadali pa ntchito, ngati pasiwedi yake akuidziwa yekha, ndiponso ngati ntchito yake ikufunadi chilolezocho. Koma musalande chilolezo cha munthu aliyense musanamupangire njira ina yochotsera zolakwika zake. Yambani mwamanga njirayo, muwaphunzitse, kenako mulembe REVOKE.